Zikhomo za Mkamwini

Sabina anatsetsereka ndi mtsuko wake m'mawa umenewo n'kupeza amayi anzake ataima chiimire pansi pa mkuyu. Panalibe amene ankatunga. Panalibenso amene ankalankhula, ndipo chimenecho ndicho chinamuopsa, pakuti amayi a mudzi umenewo pakamwa sipankawatopa ngakhale pamaliro.

"Mwaima bwanji ngati mwaona njoka?" anafunsa.

Dorica, woyandikana naye nyumba, anangoloza ndi mlomo.

Chitsime panalibe. Mkuyu unalipo, mwala wochapirapo unangotsala kansonga, koma dzenje lija limene mudzi wonse unkamwa chibwerere makolo awo kuchokera kwa Apwitikizi linali litakwiririka ndi mchenga ndi dothi lofiira. Pamwamba pake panali mbwee chimanga chanthete, mizu ili m'mwamba, ndi mitengo ya chinangwa yothyokathyoka.

"Mayo ine!" anatero Sabina, natula mtsuko osadziwa n'komwe kuti wautula. "Madzi apita kuti?"

"Funsa kumene kwachokera dothili," anatero Dorica. "Tukula maso, mnzanga."

Sabina anatukula maso. Kuyambira pachitsimepo kukwera kumtunda, nthaka inali itang'ambika. Dzulo lomweli panali kanjira ka mbuzi. Lero panali chigwembe choti munthu wamkulu atalowamo mutu wake sungaoneke. Mvula ya dzulo masana inagwadi yamkokomo, aliyense anaimva, koma mvula yotero inagwapo kangati chitsime chili chikhalire? Maso ake anatsata chigwembecho, kudutsa nthochi za a Feston zimene zinali zitapendekeka, mpaka pamene chinayambira. Chinayambira m'munda wa amayi ake omubereka, mayi Anastasia, pakati penipeni pa mlambala watsopano.



"Si mlambala wa amuna ako uwo?" anatero Dorica. "A Feston anga anakagona kundende masabata atatu chifukwa chokana zomwezi. Amuna ako ankatiuza kuti milambala isunga nthaka. Yasunga, taona ndi maso! Nanga lero timwa chiyani, zikhomo?"

Pamenepo pakamwa pa amayi aja panatseguka, onse nthawi imodzi. Wina ankalira kuti mtsinje uli kutali ndipo madzi ake ndi matope okhaokha, wina ankatukwana aboma, wina ankatukwana akamwini onse a padziko lapansi. Sabina anatola mtsuko wake wopanda kanthu n'kubwerera. Iye yekha pagulupo ndiye ankadziwa chimene chinachitika, ndipo chimenecho chinali choipa kuposa zimene anzakewo ankanena.

Chinali chaka cha 1952, nthawi imene munthu ankati akamva mawu akuti malimidwe, ngakhale ali ndi njala chakudya chinkamukanika. Aboma analamula kuti matutu amene anthu ankalima chikhalire athe, aliyense azilima mizere yopingasa, ndipo m'minda ya m'munsi mwa phiri la Chikala mukumbidwe milambala, timakoma ta dothi totchinga madzi a mvula. Wokana ankamuzulira mbewu, mwina n'kumutengera kundende. Ndiye tangoganizani, abale, mwa anthu onse a kwa Mposa, amene anapatsidwa chingwe, levulo yoyezera kutsetsereka kwa nthaka ndi mtolo wa zikhomo kuti azisonyeza modutsa milambalayo anali Elliam, mwamuna wa Sabina, mkamwini wochokera ku Ulongwe. Anali munthu wosadziwa kukweza mawu, wokhulupirira ntchito yake ndi mtima wonse, chifukwa kwawo anaona munda wa bambo ake ukutsukidwa ndi madzi mpaka kutsala miyala.

M'mwezi wa Seputembala Elliam anakhoma zikhomo m'munda wa apongozi ake. Mundawo unali ndi kachidikha pakati, kosaoneka bwino ndi maso, ndipo pofika pamenepo mzere wa zikhomo unakhotera kumtunda ngati uta kenako n'kubwerera. Tsono mayi Anastasia anali mayi wamasiye wa khasu lotchuka mpaka midzi ya kutsidya. Mzere wokhota iwo ankautcha mzere wa chidakwa. Anazula zikhomo zapakatizo, nazikhoma m'mzere umodzi wowongoka ngati nsungwi, n'kukumba mlambalawo okha masiku asanu ndi anayi.

Elliam atauona anabwera kunyumba nkhope itagwa. Koma akanatani? Zaka zisanu ndi chimodzi anali pamudzipo, iye ndi apongozi akewo anali asanayang'ananepo m'maso. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire. Moni unkadzera mwa Sabina, ndiwo zinkadzera mwa Sabina, ngakhale uthenga wa maliro unkadzera mwa Sabina. Ndiwo ulemu umene anaupeza, ndipo onse awiri ankaunyadira.

"Amake Rose, pitani mukawauze amayi," anatero tsiku limenelo. "Mlambala uja auwongola. Madzi a mbali iyi ndi a mbali iyo adzakumana pachidikha paja, adzauboola, ndipo kumunsi kwake kuli chitsime. Mukawapemphe andilole ndikaukonze ndekha, iwo asagwirenso khasu."

Sabina anapitadi. Anapeza amayi ake pakhonde akudzola mafuta a nsatsi m'manja, matuza ataphulika m'zikhatho zonse ziwiri. Asanatsegule pakamwa, amayiwo anamufunsa ndi nkhope yowala ngati ya mtsikana:

"Amuna ako auona? Akuti bwanji?"

Sabina anayang'ana matuza aja. Anakumbukira mmene amayi akewo ankadanirana ndi malimidwe, mmene anagonjera pokhapokha chifukwa cha mkamwini wawo. Uthenga umene anasenza uja anaubisa.

"Akuti mwagwira ntchito, amayi."

Mayi Anastasia anaseka mpaka mano akumapeto kuoneka. Anathamangitsa tambala wawo wamawangamawanga, namumanga miyendo n'kuti akapatsidwe apongozi. Pofika kunyumba Sabina anatula tambalayo nati, "Amva. Akuti akonza okha." Sabata yomweyo Elliam anatumidwa kukakhoma zikhomo m'midzi ya kufupi ndi Chilwa. Pobwerako mu Disembala anapeza chimanga chili m'mawondo, mlambala uli chiwongokere. Anatumanso mkazi wake, ndipo mkaziyo anakazungulira kuseri kwa nkhokwe n'kubwera ndi yankho lina: "Akuti akonza akatha kupalira." Elliam anangoti chabwino. Sabina tsiku lililonse ankadziuza kuti mawa ndikanena, mawa ndikanena. Zengerezu analinda kwawukwawu.

M'mawa wa chigwembewo, pofika kunyumba, anapeza mwamuna wake atakhala pamtondo wogwetsa, matope mpaka m'ntchafu.

"Ndakaona," anatero Elliam asanafunsidwe. "Ndayenda minda yonse kuyambira tambala woyamba. Milambala khumi ndi isanu ndi umodzi ndinaikhomera zikhomo kuno, yonse yagwira. Waphulika umodzi wokha."

"Bambo a Rose..."

"Kawiri ndinawapempha, kawiri." Anagwedeza mutu ngati munthu woti wamenyedwa ndi chibonga. "Ndinkadziwa kuti ntchito yanga saikonda, koma sindinkadziwa kuti ine amandiona ngati mwana woseweretsa chingwe. Tambala uja ndinamudya ndikuyesa ndi chipepeso, kani kunali kunditseka pakamwa."

Apa ndiye panali poyenera kunena. Sabina anatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo panamveka kutsokomola kuseri kwa mpanda, ndipo analowa a Ambrose, atsibweni ake a Sabina, mlongo wawo wa mayi Anastasia, amene anali mwinimbumba. A Ambrose anamenya nkhondo ku Burma, ndipo masiku onse ankalowa pakhomopo ndi phokoso, akuitanitsa bawo kuti amuchape mkamwini wawo. Tsikulo sanakhale pansi, fodya sanapemphe.

"Akamwini, dzuwa likapendeka mubwere pamango kwathu. Anthu akwiya, ine ndatopa n'kuwagwira." Anayang'ana kumbali. "Ndikanakonda ndikanakhala munthu wina lero."

Atachoka, Elliam analowa m'nyumba n'kuyamba kupinda malaya ake awiri ndi bulangete.

"Mukutani?" anafunsa Sabina.

"Ndikudziwa chimene akandiuze."

"Koma inu simunalakwe! Mukanene kuti zikhomo zinazulidwa!"

"Ndikaimirire pagulu n'kuloza chala apongozi anga? Iyayi. Ndipo nkhani ikafika kwa a kapitawo a malimidwe, amayi anu adzawatenga, pa ukalamba wawo akasenze mitsuko ya zonyansa kundende. Musade nkhawa, amake Rose, dzina lawo silituluka m'kamwa mwanga."

Sabina anatuluka panja, nakagwira mzati wa khonde. Rose, kamwana kawo ka zaka zinayi, kankasewera m'matope osadziwa kanthu.

Dzuwa litapendeka mudzi wonse unali pansi pa mango a a Ambrose, amuna uku, akazi uku, ena mitsuko ya madzi ofiira a kumtsinje ili pambali. Elliam anakhala pansi payekha, miyendo atatambasula. Mayi Anastasia anakhala kuseri kwa nkhokwe atafulatira bwalo, monga ankachitira nthawi zonse mkamwini wawo akakhala pafupi. Sabina anakhala pakati, pamene ankatha kuona msana wa amayi ake ndi nkhope ya mwamuna wake.

Anayamba a Feston, ndipo sanazungulire.

"Agogo athu analima matutu paphiri ili, chitsime chili phee. Kwabwera anthu a zingwe, chaka chimodzi chokha, chitsime chafa. Ine anandimanga, ndinakadya nyemba zofumbwa kundende, chifukwa ndinati madzi saiwala khwawa, simungawauze poyenda. Lero ndani wanama? Ndipo amene watiphera chitsime si mzungu ayi, ndi munthu amene tinamupatsa malo, tinamupatsa mkazi. Mawa iyeyu akatopa anyamuka, pajatu mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ife titsala ndi chigwembe."

"Zoona!" anavomereza anthu. Wina kumbuyo anakuwa kuti mawa lomwe akagumule milambala yonse.

A Ambrose anakweza dzanja.

"Akamwini, anakhoma zikhomo m'munda uja ndani?"

"Ndine."

"Nanga chachitika n'chiyani? Tiuzeni, mwina ife osaphunzira sitikuona bwino."

Elliam anatola timiyala n'kumatiponya pansi.

"Mlandu ndi wanga," anatero. "Ndinaona kuti mlambalawo uli ndi vuto, sindinaukonze. Chokhacho ndikupempha, milambala inayo musaigumule."

Anthu anayang'anana. Ankayembekeza kuti akana, atchula aboma, atchula mvula. A Ambrose anamuyang'ana modabwa, ngati akumupempha ndi maso kuti awonjezere kanthu kena koti amugwirire. Elliam sanawonjezere.

"Mwaona, koma osakonza," anatero a Ambrose pang'onopang'ono. "Ha! Mwandimanga manja, achimwene." Anapukuta nkhope ndi chikhatho. "Chabwino. Dzuwa la mawa likupezeni panjira ya ku Ulongwe. Mutenge zimene munabwera nazo. Rose ndi wa mbumba ino, atsala ndi amake."

 Basi? Zaka zisanu ndi chimodzi, nyumba imene munthuyo anamanga ndi manja ake, zonse kutha ndi mawu ochepa chabe? Sabina anaona mwamuna wake akuwomba m'manja mwaulemu kuvomereza chigamulo.

Kenako kuseri kwa nkhokwe kunamveka mawu a mayi Anastasia, osatembenuka.

"Sabina."

"Wawa, amayi."

"Uwauze amuna ako kuti ine ndilibe nawo chifukwa. Anandisunga bwino. Uwauze kuti kumbali yanga ndinayesetsa, koma zinthu za azunguzi n'zosadalirika. Ayende bwino."

Bwalo linadikira kuti Sabina atembenuke n'kubwereza mawuwo kwa mwamuna wake, monga ankachitira masiku onse. Anatembenukadi. Anaona nkhope ya Elliam itauma, maso ali pansi, akumeza mawu akuti ndinayesetsa ngati munthu womeza munga. Pamenepo china chake chinaduka mwa Sabina. Anaimirira, chinthu chimene mkazi sankachita pamaso pa atsibweni ake.

"Sindinena," anatero.

"Iwe, khala pansi," anatero a Ambrose.

"Sindikhala, atsibweni. Wakupha chitsime ndine." Mawu ankatuluka mothamangitsana, misozi ili chuchuchu. "Bambo a Rose anakhoma zikhomo zokhota. Amayi anaziwongola. Bambo a Rose anandituma kuti ndikawauze amayi kuti mlambala wowongoka udzaphulika pachidikha n'kukwirira chitsime, ananena ndithu dzina la chitsime! Anapempha kuti akaukonze okha. Ine ndinakapeza amayi manja ali matuza okhaokha, ndinachita chisoni, ndinawauza kuti amuna anga akuti mwagwira ntchito. Kunyumba ndinakanena kuti amayi amva, akonza. Ananditumanso kachiwiri, sindinafike n'komwe, ndinakaima kuseri kwa nkhokwe iyi n'kubwerera. Amayi sanamve kanthu. Mpaka lero sanamve kanthu!"

  Dorica anagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

"Sanamve?" anatero Elliam. Anali atadzutsa mutu, akuyang'ana mkazi wake ngati akumuona koyamba. "Miyezi inayi yonseyi? Nanga tambala uja?"

"Anali wokuthokozani chifukwa chowayamikira."

"Mulungu wanga," anatero Elliam, mawu atatsika. 

"Ndinakufunsa!" Anali mayi Anastasia, atatembenuka theka. "Sabina, ndinakufunsa ndi pakamwa pangapa kuti akuti bwanji! Inde, zikhomo ndinazula ndine, anthu inu imvani. Zinali zokhota. Ndinayesa mwina mbuzi zazigunda, mwina mwana wa eni anatopa ndi dzuwa. Ndinati azungu ake akabwera n'kuona mzere wotere m'munda wa apongozi ake omwe, adzamuseka, adzamuchotsa ntchito. Ndinati ndimubisire manyazi, asadziwe n'komwe. Masiku asanu ndi anayi! Kani ndinkakumbira mudzi manda a chitsime, mwana wanga wobereka ndekha akundiwombera m'manja?"

Sabina anagwada pomwepo. 

 A Ambrose anatembenukira kwa Elliam.

"Inunso akamwini, munkadziwa kuti zikhomo anazula ndi achemwali anga, n'kukhala chete tikukupirikitsani?"

"Ndikanawatchula bwanji?" anatero Elliam.

"Ambuye Yesu! Ku Burma ndinaona zambiri, koma anthu atatu kugwetsa phiri chifukwa chochitirana ulemu, izi zokha sindinazione."

Amene anadabwitsa anthu anali Dorica. Anakoka nsalu ya mwamuna wake, nalankhula mokweza kuti onse amve.

"A Feston, nenani zoona. Mlambala wathu uja, wokhota ngati njoka yomenyedwa, amene munkautukwana tsiku ndi tsiku, m'mawawu munaupeza bwanji?"

A Feston anakanda m'mutu.

"Uli pomwepo."

"Madzi?"

"Ali m'menemo, akulowa pansi." Anatsonya. "Koma kundende kokha ndinakagona popanda mlandu, pamenepo musandisinthe."

"Palibe akukusinthani," anatero a Ambrose. Anayang'ana bwalo lonse. "Anthu inu mwamva. Mawu ndinanena aja ndameza. Akamwini sapita kulikonse. Ndipo nkhani ya zikhomoyi ithere pansi pa mango ano. Amene akaifikitse kwa a kapitawo adzaone mudzi wina wokhala. Mawa aliyense khasu ndi dengu, tikafukule chitsime."

Anthu anali atayamba kusuntha pamene mayi Anastasia anaimirira. Anamanga nsalu yawo bwinobwino, nazungulira nkhokwe ija, n'kulunjika pamene panakhala mkamwini wawo. Amayi anakuwa chapansipansi. Elliam anafuna kudzuka kuti athawire kumbali, koma anali atachedwa. Sabina, mwa chizolowezi, anathamanga n'kukagwada pakati pa awiriwo.

"Nenani amayi, ndiwauza."

"Choka pakati," anatero mayi Anastasia.

"Amayi..."

"Ndati choka pakatipo, mwana iwe."

Sabina anakhwekhwerezekera kumbali. Mayi Anastasia anakhala pansi moyang'anana ndi Elliam, mtunda wa mkono umodzi, mudzi wonse ukuona. Nkhope yawo inali yonyowa, koma mawu anatuluka olimba.

"Bambo, ine ndine mwana wa anthu, mwambo ndimaudziwa. Koma mwambo womwewo watimwetsa matope. Ndiyang'aneni. Mundiuze nokha, ndi pakamwa panu, chifukwa chake mzere uja unakhota."

Elliam anayesa kutukula maso, nawabwezanso pansi. Anayesanso. Kenako anasalaza fumbi ndi chikhatho, najambula munda uja ndi chala, nasonyeza pamene pali chidikha, n'kuyamba kufotokoza, poyamba mwachibwibwi, kenako bwinobwino. Mayi Anastasia ankafunsa, iye n'kumayankha. Anthu amene anali ataimirira kuti azipita anabwerera n'kuunjikana mowazungulira, a Feston ali patsogolo. Sabina anatsala kunja kwa gululo, akuona misana ya anthu.

Kunyumba anapeza mtolo wa malaya ndi bulangete uja uli pamphasa. Anagwada kuti aumasule, ndipo Elliam analowa.

"Usiyeni."

"Koma atsibweni anena kuti simupita."

"Atsibweni anu anena zawo." Anakhala pakhomo, osamuyang'ana. "Ine pamudzi pano ndinali ndi pakamwa pamodzi pokha pofikira kwa amayi, ndipo panali inu. Miyezi inayi ndakhala ndikudana ndi munthu wosalakwa, inu mukundipatsa madzi osamba, mukuseka nane. M'mawawu munandiona ndikupinda malaya."

"Ndinachita mantha."

"Ndikudziwa. Inenso ndili ndi mantha tsopano." Anapumira m'mwamba. "Ndikhala mpaka chitsime chituluke. Zinazo sindikudziwa, musandifunse lero."

Masiku atatu mudzi unafukula. Amuna ankakumba, akazi ankasenza mchenga m'madengu kukautaya m'chigwembe, mmene ena ankatchingamo ndi miyala ndi mitengo ya nthochi. Palibe amene anasenza madengu ambiri kuposa Sabina, ndipo palibe amene ankamulankhula kupatula Dorica, amene ankangoti, "Pumako, iwe, ufa." Amayi ake ankamudutsa ngati chitsa. Kumtunda, mayi Anastasia ankagwira nsonga ina ya chingwe, Elliam ina, akukhoma zikhomo zatsopano n'kumakangana mokweza ngati anthu odziwana kalekale. Sabina ankati akatula dengu n'kuyang'ana kumeneko, kenako n'kuyang'ana dzenje limene linkakulirakulira, osadziwa chimene apemphe kwa Mulungu, kuti madzi atuluke msanga kapena achedwe.

Tsiku lachitatu masana khasu la a Feston linagunda mwala wakale wa m'mphepete mwa chitsime, ndipo mchenga wa pansi pake unayamba kunyowa. Posakhalitsa madzi anabwera, ofiira, akutumphuka pang'onopang'ono. Nthungululu zinamveka mpaka kuphiri. Sabina yekha sanaimbe. Anadikira kuti anthu athe kuvina, natunga chikho chimodzi, n'kukwera nacho m'mbali mwa chigwembe mpaka kumunda.

Anagwada patsogolo pa mwamuna wake.

"Atuluka," anatero.

Mayi Anastasia anapitiriza kukhoma chikhomo chawo, osacheuka. Elliam anasiya chingwe, nalandira chikhocho. Anayang'ana madziwo nthawi yaitali, akuwazunguza pang'ono, dothi likuvina m'kati. Sabina ankangomva kugunda kwa mwala wa amayi ake pachikhomo.

"Akadali ofiira," anatero Elliam, namubwezera chikhocho. "Kawaikeni pansi adikhe. Ndidzamwa madzulo kunyumba."

Sabina anafuna kunena kanthu, koma mwamunayo anali atatola kale chingwe chake.

"Amayi, chikhomo chimenecho chikwere pang'ono," anaitana.

"Apa, bambo?"

"Pomwepo."

Sabina anadzuka n'kuyamba kutsika, chikho atachigwira ndi manja awiri, akuponda mosamala chifukwa njira inali ikadali yoterera.